Kazembe wa Mabeseni

Ndikukumbukira, ndipo mtima umandiwawabe ndikakumbukira, kuti ine ndinakhalapo kazembe wa gulu la zombo zankhondo ndisanaonepo nyanja ndi maso anga. Ndinali mu Sitandade 7 pasukulu ina ya mishoni ku Dowa, kumtunda kwenikweni, kumene madzi aakulu amene tinkawadziwa anali damu lomwetsera ng'ombe za mishoniyo. Masiku ano ndimakhala ku Doha, kumene ndimaphunzitsa antchito atsopano a hotela ina ya pa The Pearl kayalidwe ka bedi ndi kalandiridwe ka alendo, ndipo nyanja ndimaiona mpaka inandikwana. Komabe palibe madzi amene anandivutitsapo ngati damu lija.

Amene anayambitsa zonsezi anali aphunzitsi athu a mbiri yakale, a Kachingwe, bambo wamfupi, waukhondo, wovala tayi ndi chipewa ngakhale m'mwezi wa Okutobala. Iwowa anali asanakwerepo ngakhale bwato, koma anali ndi buku lakale lothothoka chikuto limene mzungu wina wa pamishoni anawasiyira, lofotokoza nkhondo zapanyanja. Phunziro lililonse, ngakhale litayambira pa mafumu a Amaravi, linkathera pamadzi. Ankajambula zombo pabolodi mpaka choko kuwayeretsa m'zigongono. Anatiuza za kazembe wa Angerezi wa diso limodzi ndi mkono umodzi, za wina wa ku Koreya amene anafolera zombo zake ngati kamba, ndi za Agiriki ochepa amene anagonjetsa chinamtindi cha zombo za Aperisiya pochikokera pampata wopapatiza. Nkhani ya panyanja yathu yomwe, yoti nkhondo yaikulu yoyamba ya azungu itabuka, kapitawo wa Angerezi anakaombera sitima ya Mjeremani mnzake ili pamtunda, mwini wake asanamve n'komwe kuti kuli nkhondo, ankaifotokoza monyinyirika, ngati munthu woulula chipongwe cha mbale wake.

Anzanga ankaodzera. Ine ndinkamvetsera pakamwa pali yasa. Sikuti ndinkakonda kuphana. Chimene chinandigwira mtima chinali dongosolo. M'chombo chankhondo munthu aliyense ali ndi malo ake, mbendera ikakwezedwa aliyense amadziwa tanthauzo lake, ndipo palibe amene amasuntha asanauzidwe. Kwathu zinthu sizinkayenda chotero. Kwathu munthu ukamutuma mchere ankabwera ndi nkhani.

Bambo anga anali atapita kale ku Halale ndipo makalata anali atasiya kubwera, choncho mawu omaliza pa ife anali a amalume, a Gwaza, mwini mbumba. Anali mlimi wa fodya, munthu wa mawu aakulu ndi wosakhala pansi. Chaka chimenecho akazi awo anabereka mapasa, ndipo amalume anauza amayi kuti Khirisimasi ikadutsa ine ndisiye sukulu, ndipite kwawo ndikalere ana ndi kuthandiza kusoka fodya. Anati kuwerenga ndi kulemba ndinali nditadziwa kale, zotsalazo zinali zongochedwetsa mtsikana. Amayi sakanatha kuwatsutsa achimwene awo poyera. Anangowapempha, atagwada, kuti asanagamule ayambe abwera patsiku lotsekera sukulu adzaone okha zimene ana amaphunzira. Amalume anavomera. Anati akaona zanzeru adzaganizanso, koma akaona masewera, ndimange katundu.

Ndiye taganizani mmene ndinamvera a Kachingwe atalengeza kuti patsiku lotsekeralo kalasi lathu lidzaonetsa makolo nkhondo ya Agiriki ndi Aperisiya, padamu, pamadzi enieni. Ndinawatsatira mpaka kuofesi, ndinawafotokozera za amalume, ndi kuwapempha kuti mwina tingolakatula ndakatulo ya Chingerezi monga ankachitira makalasi ena. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Anati ndakatulo ngakhale chinkhwe angaloweze, koma kuyendetsa gulu la zombo kumafuna mutu, ndipo popeza mutuwo ndinali nawo, kazembe wa Agiriki ndikhala ine. Anati amalume akadzaona mtsikana akulamula anyamata ndi mbendera yokha, osakweza mawu, adzavula chipewa. Ndinawakhulupirira. Ndinalibenso wina womukhulupirira.

Zombo zathu zinali mabeseni ndi mabafa obwereka kwa amayi athu. M'beseni lililonse tinkaikamo dothi pang'ono, kuzikamo kamtengo, ndi kumangirirapo kansalu. Amalinyero ankaima m'madzi ofika m'maondo, m'mbali mwa damu, aliyense akukankha beseni lake ndi nsungwi yaitali. Akazembe awiri okha ndiwo ankayandama zenizeni, aliyense m'theka la mgolo wodulidwa m'litali, womatidwa ndi phula ndi womangiriridwa nsungwi uku ndi uku kuti usagubuduke. Anyamata awiri ankagwira chingwe cha khonje pamtunda, kukoka kapena kutayira mgolowo monga kazembe walamulira. Kazembe wa Aperisiya anali Layisoni, mnyamata wamtali amene anabwereza makalasi mpaka ndevu zinayamba kumera, ndipo udindowo anauvomera chifukwa anamva kuti mfumu ya Aperisiya inali yolemera.

Damulo linali ndi khosi lopapatiza kumtunda kwake, mabango mbali imodzi, chulu chachikulu mbali inayo. Pamenepo ndi pamene panali mpata wathu. Ine ndikakweza nsalu yoyera, Agiriki ankabwerera m'mbuyo ngati akuthawa, n'kulowa m'khosimo. Aperisiya, pokhala ambiri, ankawatsatira n'kuthinana, mabeseni n'kumagundana okhaokha. Ndikakweza duku lofiira la amayi, Agiriki ankatembenuka ndi kuwamiza. Lamulo la a Kachingwe linali limodzi, ndipo ankalibwereza mpaka tinkalilota: nkhondo siitha mpaka mbendera ya kazembe wa adani itatsitsidwa, ndipo kazembe sachoka m'chombo chake nkhondo isanathe.

Sindidzaiwala masabata a kukonzekera aja. Dzuwa linkaotcha pamutu, matope ankanunkha ndowe, misundu inkatimamatira m'miyendo. Amalinyero anga anali ana abwino koma osamva. Wina ankasiya chombo chake kuti athamangitse chule. Wina ankafunsa tsiku lililonse kuti yoyera ija ndiyo yothawa kapena yomenya. Amayi a m'mudzi ankabwera kudzalanda zombo zawo nkhondo ili mkati chifukwa akufuna kusambitsa ana, ndipo mayi wina analanda zombo zitatu za Aperisiya nthawi imodzi, akunena kuti sanakwatiwe kuti mabeseni ake a ukwati azikamenya nkhondo za anthu osawadziwa. Ine ndinkawasonkhanitsa Agiriki anga pansi pa mtengo wa mthethe tikaweruka, ndi kuwabwerezetsa zizindikiro mpaka atazigwira. Anandipatsa dzina loti Amayi Abusa. Sindinasamale. Pofika sabata yomaliza ankabwerera m'mbuyo pamodzi ngati munthu mmodzi, ndipo a Kachingwe anapukuta magalasi awo n'kunena kuti sanaonepo zotere.

Tsikulo linafika. Mvula inali itagwa yamphamvu dzulo lake ndiponso m'mawa, kenaka kunacha, dzuwa n'kuwala, nthaka n'kumatuluka nthunzi ndi fungo lija la dzinja loyamba. Amalume anabwera panjinga, atavala jekete la kuokushoni, ndipo anawapatsa mpando kutsogolo. Zochitika zinayenera kuyamba m'mawa, koma zinayamba masana, monga mwa mwambo wathu. Abusa anapemphera kwa nthawi yaitali. Ahedi analankhula. Wapampando wa komiti ya sukulu anaimirira kuti angowonjezera mawu awiri, ndipo anafotokoza mbiri ya sukuluyo kuyambira pamene inali ya udzu. Kwaya inaimba, ana a Sitandade 1 anawerenga manambala, zotsatira za mayeso zinalengezedwa kalasi ndi kalasi. Ine ndinkangoyang'ana dzuwa likutsetsereka ndi amalume akuyasamula. Pamene khamu lonse linkatsikira kudamu litanyamula mipando, mithunzi inali itatalika ndipo mitambo inali itayambanso kusonkhana.

Ndinene zoona, chiyambi chinali chokongola. A Kachingwe anaima pachitsa ndi kufotokozera makolo kuti Agiriki anali ndani, Aperisiya anali ndani, ndi kuti nzeru zimaposa unyinji. Anaimba wezulo. Anyamata anatayira chingwe ndipo mgolo wanga unayandama kupita pakati. Ndinagwada mowongoka, yunifolomu yositidwa ndi makala, nsalu ziwiri zili pachifuwa. Layisoni anabwera ndi mabafa ake onse akukuwa ngati woledzera. Ndinakweza nsalu yoyera. Agiriki anabwerera m'mbuyo mwadongosolo, palibe ndi mmodzi yemwe amene anasokoneza. Ndinamva azimayi akudandaula kuti ana a kwathu akuthawa, ndipo ndinamva mawu a amalume akufunsa munthu wina kuti mtsikanayo akuwalamula bwanji osalankhula. Aperisiya analowa m'khosi muja, mabafa anayamba kugundana ndi kulira ngati mabelu. Ndinagwira duku lofiira.

Chinthu china chopepuka chinandigunda patsaya. Kenaka china chinagwera m'madzi pafupi ndi mgolo, chikupalasa ndi mapiko anayi. Ndinatukula maso. Pamwamba pa chulu chija panali ngati pakufuka utsi wonyezimira. Mwana wina wamng'ono m'khamu muja anatchula liwu limodzi lokha, ndipo liwulo linathetsa ntchito yanga ya masabata onse aja.

"Ngumbi!"

Ndinakweza duku lofiira. Ndikufuna izi zidziwike: chizindikiro ndinapereka, ndipo ndinachipereka panthawi yake. Koma panalibe wochiona. Agiriki anga, amene ndinawaphunzitsa ndi thukuta langa pansi pa mthethe, anataya nsungwi, anazula timitengo ndi kukhuthula dothi m'zombo zawo, natungamo madzi pang'ono, n'kuthamangira kuchulu. Aliyense wokulira kumudzi amadziwa kuti ngumbi zikagwera m'beseni la madzi siziulukanso, ndipo apa mabeseni a mudzi wonse anali pamalo amodzi, pafupi ndi madzi, pafupi ndi chulu, ngati kuti tinachita kupangana. Aperisiya anachita chimodzimodzi. Adani amene anayenera kumizana anayamba kuthandizana kunyamula bafa limodzi. Layisoni anadumpha mumgolo wake, madzi n'kumulekeza m'chiuno, mbendera yake n'kuisiya ili chiimire. Makolo anatsatira: azimayi akumasula zitenje, azibambo akuthyola nthambi zokupizira, wapampando wa komiti akuthamanga mopitirira ana. Anyamata anga awiri anaponya chingwe pansi osandiyang'ana n'komwe.

Chiyembekezo changa chomaliza chinali pa a Kachingwe. Anaimba wezulo kawiri kapena katatu, anakuwa kuti aliyense abwerere pamalo pake, anatchula dzina la Layisoni ndi chilango chimene chinkamudikira. Kenaka anatsitsa wezulo. Ndinawaona akuyang'ana kuchulu, akuyang'ana kwa ine, akuyang'ananso kuchulu. Ngumbi ina inatera pa tayi yawo. Anaitola, anaiyang'anitsitsa monga munthu wophunzira, anavula chipewa chawo n'kuiikamo. Atatero anatsika pachitsa paja pang'onopang'ono, mwaulemu wake, n'kulowera komwe kunali anthu. Munthu amene anandiphunzitsa za akazembe omira ndi zombo zawo anapita kukagwira ndiwo ndi chipewa.

Ndinatsala ndekha pakati pa damu. Phula linali litayamba kumatuka ndipo madzi ankalowa mumgolo, kunyowetsa yunifolomu mpaka m'ntchafu. Anthu ena akhala akunena kuti ndinakhalabe mmenemo chifukwa choopa madzi. Si zoona. Ndinkadziwa kuti sangandipitirire pachifuwa, chifukwa ndinali nditayeza ndi nsungwi pokonzekera. Ndinakhala chifukwa mbendera ya adani inali isanatsitsidwe, ndipo ndinali nditauzidwa kuti amalume akaona masewera ndimange katundu. Ndinaganiza kuti ngati ana onse aonetsa kuti anali masewera, ine ndekha ndionetse kuti sanali. Ndinawedza nsungwi imene inkayandama pafupi, ndinaizika m'matope, ndi kuyamba kudzikankha kulunjika kumgolo wa Layisoni. Mgolo sumvera ngati bwato. Unkangozungulira, ndipo ndikakankha kumanja unkapita kumene wafuna.

Ndili pakalikiliki ameneyu ndinamva wina akukhuvula madzi m'mphepete. Anali amalume, jekete atavula, buluku atapinda, akutunga madzi ndi beseni la amayi, limene mphindi zochepa zapitazo linali chombo chotsogolera dzanja langa lamanja. M'tsitsi mwawo munali mapiko okhaokha. Anandiona, naimirira.

"Esinati, ukutani m'madzimo? Tuluka, ngumbi zikutha."

"Nkhondo sinathe, amalume."

"Ukumenyana ndi yani? Anzako onse ali kuchulu."

"Mbendera ya Aperisiya ikadali m'mwamba."

Anayang'ana mgolo wopanda munthu uja, kenaka anandiyang'ana ine. Anaima pomwepo, beseni lili m'manja, kundionerera ndikuzungulira, ndikuyandikira, ndikutalikiranso, mpaka ndinagwira nsungwi ya m'mbali mwa chombo cha adani, ndinazula mbendera ija ndi kuigoneka m'madzi. Ndinatembenukira kumtunda monga tinaphunzitsidwira, kuti ndiweramire oonerera. Mipando inali yokhayokha. Amalume anapukusa mutu n'kubwerera kuchulu mothamanga. Pamenepo ndinatsika mumgolo, ndinayenda m'matope mpaka kumtunda, ndinapinda duku la amayi, n'kupita kunyumba osayang'ana kumbali.

Madzulo amenewo mudzi wonse unkanunkha mafuta a ngumbi. Pakhomo lililonse chiwaya chinali pamoto, mapiko akuuluka pabwalo ngati mankhusu. Amalume anakhala pakhonde pathu, mbale ili pamwendo, akutafuna mokhutira. Ine ndinakhala kumbuyo kwa amayi, ndikudikira kuuzidwa tsiku lonyamuka. Anatafuna kwa nthawi, anapukuta pakamwa, kenaka analankhula ndi amayi ngati ine palibe.

"Mlongo wanga, ndaona ndi maso anga. Sukuluyi yamuwononga kale mwanayu. Munthu woona ngumbi zikuuluka, iye n'kumalimbana ndi mgolo wopanda munthu, ndikamusiyire mapasa anga? Nyumba idzapsa iye akudikira mbendera. Kwathu sakathandizako kanthu. Musiyeni komweko, mwina aboma adzapeza chomuchitira."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwafotokozere kuti sanamvetse, kuti chimene anaonacho chinali khalidwe osati kupusa. Amayi ananditsina pantchafu mwamphamvu moti chipsera chinakhala sabata yathunthu. Anawomba m'manja, anathokoza achimwene awo chifukwa cha nzeru zawo, n'kuwawonjezera ngumbi m'mbale. Umu ndi mmene ndinapitirizira sukulu mpaka ku koleji: osati chifukwa amalume anaona kuti ndili ndi mutu, koma chifukwa anatsimikiza kuti ndilibe. A Kachingwe sanapepese. Teremu yotsatira nditawafunsa, anangoti ngakhale gulu lalikulu la zombo za ku Sipeini linabalalitsidwa ndi mphepo, ndipo katswiri wa mbiri sakangana ndi nyengo.

Zambiri zasintha. Adzukulu a amalume omwewo, atsikana, ali kusekondale, ndipo palibe amene anagwada kuti apiteko. Mwana wa lero akafuna kuona chombo chankhondo amangotsegula foni, sabwereka bafa la amayi ake. Damu lija ndinamva kuti linakwiririka, anthu akudzalamo masamba. Ndinkaganiza kuti nawonso anthu anasintha.

Lachisanu lina posachedwapa ndinaitana achinyamata angapo a kwathu kunyumba kwanga ku Bin Mahmoud: alonda awiri, dalaivala mmodzi, ndi atsikana awiri ogwira ntchito m'nyumba za ku Fereej Al Murra. Mmodzi wa alondawo, Madalitso, anali atangochenjezedwa kuntchito chifukwa chochoka pageti kukaonera mpira, ndipo ndinaona kuti nkhani yangayi ingamuthandize. Ndinaifotokoza yonse mwadongosolo, ndi kutsindika kuti munthu sachoka pamalo pake ntchito isanathe. Anamvetsera mwachidwi chimene sindinachionepo pa iwo. Nditamaliza, Madalitso anakhosomola mwaulemu.

"Pepani amayi, ndangofuna kudziwa. Ngumbizo zinali zonona?"

Mtsikana wina anati iye akanapereka ovataimu yake ya mwezi wonse kuti apeze kambale kamodzi kokha. Dalaivala anati ali ndi msuweni amene akubwera kuchokera ku holide kumudzi, ndipo zouma bwino zikhoza kudutsa pa eyapoti. Mlonda winayo anati khalasi, nkhani yatha, amuimbire msuweniyo pompano asanamange chikwama. Mafoni anatuluka. Anayamba kutsutsana ngati za ku Dowa zimaposa za ku Mchinji, ndipo palibe amene anakumbukiranso Agiriki, kapena geti, kapena ine.

Ndinasonkhanitsa makapu ndi kupita nawo kukhitchini. Funso la Madalitso sindinaliyankhe, chifukwa yankho lake sindikulidziwa. Tsiku limenelo sindinalawe ngakhale imodzi.